Ayutthaya: bwinja la mafumu a Siam, ndi funso lakuti anagumula ndani

Pa kachisi wogumuka wotchedwa Wat Mahathat, mumzinda wa Ayutthaya ku Thailand, pali mtengo waukulu wa m'gulu la mikuyu umene mizu yake yafungatira mutu wosemedwa pamwala. Ndi mutu wa Buddha. Thupi palibe. Nkhope yangoti phee, maso ngati a munthu woodzera, ndipo mizu yaizinga uku ndi uku monga kachere amachitira ndi mtengo unzake, koma osaphimba maso kapena pakamwa. Mutuwo uli m'munsi, pafupi ndi dothi. Wofuna kujambulitsa pamenepo amayenera kukhala pansi kapena kunjuta, poti si ulemu kuti mutu wa munthu ukhale pamwamba pa mutu wa Buddha, ndipo amene waiwala amakumbutsidwa ndi alonda. Za mmene unafikira pamenepo zimakambidwa pawiri. Ena amati unagwa kachisi atawonongeka, mtengo n'kumera n'kuunyamula. Ena amati mbava inaubisa kuti idzautenge tsiku lina, koma sinabwerenso.

Mlendo akafunsa chimene chinachitikira mzindawu, yankho limabwera msanga: asilikali a ku Burma, dziko lomwe lero ndi Myanmar, anauwotcha mu 1767. Si bodza. Koma amene wangotenga yankho limeneli n'kuyamba kuzungulira, pofika pa kachisi wachitatu amakhala atatopa, chifukwa kwa iye zonse ndi milu ya njerwa zofiira. Mabwinjawa amayamba kuyankhula munthu akadziwa chifukwa chake zotsala ndi akachisi okhaokha, komanso kuti manja amene anagumula mzindawu anali ambiri, ndipo ena anali a eni dziko.

Ayutthaya ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 80 kumpoto kwa Bangkok. Mfumu Ramathibodi I, yomwe imadziwikanso kuti U Thong, inakhazikitsa likulu lake pamenepa cha m'ma 1350, ndipo mzindawu unalamulira ufumu wa Siam, dzina lakale la Thailand, kwa zaka zoposa 400, pansi pa mafumu 33. Malowo anasankhidwa mwanzeru. Mitsinje itatu, Chao Phraya, Pa Sak ndi Lopburi, imakumana pamenepa, ndipo atakumba ngalande yolumikiza, mzinda unasanduka chilumba. Chigwa chonse ndi cha mpunga. Zombo zochokera kunyanja zinkakwera mtsinje mpaka kufika pa doko la mzindawu. Ndiye kunali chitetezo china chimene sichinkalira ndalama: chaka chilichonse nyengo ya mvula ikamatha, madzi ankasefukira n'kumiza chigwa chonse chozungulira. Mdani wozinga mzinda ankayenera kutsiriza ntchito madzi asanabwere, apo ayi azipita kwawo.

M'kati mwa chilumba misewu yeniyeni inali ngalande. Anthu ankayenda pa mabwato, kugula ndi kugulitsa pamadzi, ndipo nyumba zawo zinali za matabwa ndi nsungwi, zoimikidwa pa mizati italiitali kuti chigumula chizidutsa pansi. Ngakhale nyumba zambiri za kubwalo la mfumu zinali za matabwa. Njerwa, laimu ndi miyala zinkapita makamaka ku akachisi, ku malinga a mzinda ndi ku nyumba zochepa za boma. Moto, chiswe ndi mvula zitachita zawo, mzinda wa anthu amoyo unapita wonse, n'kutsala wa Buddha ndi wa mafumu akufa. Choncho udzu wotchetchedwa bwino umene mlendo amauona pakati pa kachisi uyu ndi uyo si mmene zinalili. Pamenepo panali makomo, misika, utsi wa kukhitchini ndi ana.

Nanga akachisi mazanamazana pa chilumba chimodzi anali a chiyani? Chibuda cha ku Thailand, cha mtundu wotchedwa Theravada, sichimutenga Buddha ngati mlengi. Iye anali munthu, Siddhartha Gautama, amene anapeza njira yotulukira m'masautso a kubadwa ndi kubadwanso, n'kuiphunzitsa. Wokhulupirira akachita chabwino, monga kupatsa chakudya amonke, amuna odzipereka ku moyo wachipembedzo, amasonkhanitsa chimene iwo amati bun, mphotho imene imamutsata m'moyo uno ndi m'moyo wotsatira. Kumanga kachisi ndiye bun yaikulu koposa. Kwa mfumu inalinso njira yoonetsera kuti mpando ukuiyenera, makamaka ngati inaulanda, ndipo ku Ayutthaya kulanda mpando sikunali kwachilendo. Onyamula njerwazo anali anthu wamba otchedwa phrai, amene ankalembedwa m'kaundula pansi pa bwana wina ndipo ankagwirira mfumu ntchito yosalipidwa mpaka miyezi 6 pa chaka. Amene tinamva za thangata kwa agogo athu sitivutika kumvetsa kuti moyo umenewo unali wotani.

Nsanja zimene zaimabe ndi za mitundu iwiri ikuluikulu, ndipo kuzisiyanitsa sikufuna sukulu. Ina imaoneka ngati chimanga chosenda chimene wachiimika: yonenepa, ya mizeremizere, yobulungira pamwamba. Imeneyo ndi prang. Anaitengera kwa anthu a Khmer a ku Angkor, ku Cambodia, ndipo imaimira phiri la Meru, limene m'chikhulupiriro cha Ahindu ndi Abuda lili pakati pa chilengedwe chonse. Ina imaoneka ngati belu lalikulu lokhala ndi nsonga yaitali yosongoka. Imeneyo ndi chedi, kamangidwe kochokera ku Sri Lanka. Chedi si nyumba yopemphereramo. Nthawi zambiri ndi njerwa zokhazokha mpaka m'kati, kupatula kachipinda kosungiramo zotsala zopatulika kapena phulusa la munthu wamkulu. Anthu ankasonkhana m'maholo otchedwa wihan ndi ubosot, omwe madenga ake anali a matabwa ndi matailosi. N'chifukwa chake lero pamangooneka pansi pake ndi mizere ya zipilala zosanyamula kanthu. Ndipo kufiira kwa njerwaku, kumene anthu amakukonda pa zithunzi, omanga sankafuna kuti kuoneke. Zonse zinali zomatidwa ndi pulasitala wa laimu, zoyera mbee, zojambulidwa maluwa ndi zamoyo za m'nthano, zina zokutidwa ndi golide. Mukayang'anitsitsa m'makona momwe mvula sifika kwenikweni, mupeza zidutswa za pulasitalayo zikadamatirira.

Chedi zitatu zoima pamzere pa Wat Phra Si Sanphet ndizo chizindikiro cha mzindawu. Kachisiyu anali m'kati mwa bwalo la mfumu ndipo simunkakhala amonke, anali wa miyambo ya banja lachifumu basi. Mu 1492 Mfumu Ramathibodi II inamanga ziwiri, ina ya phulusa la bambo ake, Borommatrailokanat, ina ya mkulu wake. Yachitatu inamangidwa pambuyo pake, ya phulusa la iye mwini. Mfumu yomweyi inaumbitsa chifanizo cha Buddha choimirira, chotalika mamita 16, chachitsulo koma chokutidwa ndi golide. Mu 1767 adani anachikolezera moto kuti golideyo asungunuke. Chitsulo chotsalacho chinadzatengedwa kupita ku Bangkok, komwe Mfumu Rama I inachitsekera m'kati mwa chedi pa kachisi wa Wat Pho, ndipo chili momwemo.

Koma nkhani imene imandigwira mtima kwambiri ndi ya Wat Ratchaburana, kungodumpha msewu kuchoka pa mutu wa m'mizu uja. Mu 1424 mfumu itamwalira, ana ake awiri, Chao Ai Phraya ndi Chao Yi Phraya, anathamangira kulikulu, aliyense akufuna mpando. Anakumana atakwera njovu, n'kumenyana, ndipo onse awiri anafera pomwepo. Mpando unagwera mng'ono wawo, Chao Sam Phraya, amene analowa ufumu ndi dzina la Borommarachathirat II. Iye anamanga kachisiyu pamalo pomwe anawotchera mitembo ya abale akewo, ndipo pansi pa prang anabisa chuma m'zipinda zotsekedwa: zipewa zachifumu, lupanga, njovu yaing'ono yagolide yogwada yokongoletsedwa ndi miyala yamtengo wapatali, ndi tizifanizo ta Buddha tambirimbiri. Asilikali a ku Burma anabwera n'kupita osachipeza. Chinakhala mumdima zaka zoposa 500. Amene anachipeza ndi mbava za m'dziko momwemo, mu 1957, zomwe zinakumba n'kulowa. Apolisi anagwira ena n'kulanda gawo la katunduyo, koma wambiri anali atagulitsidwa kale kapena kusungunulidwa. Akatswiri a boma atatsiriza kukumba, tizifanizo tina anagulitsa kwa anthu, ndipo ndalamazo zinathandiza kumanga nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Chao Sam Phraya National Museum, yomwe inatsegulidwa mu 1961. Amene wapita ku Ayutthaya osalowa m'nyumba imeneyi waona mafupa okha. Golide wa m'menemo ndiye amasonyeza kuti mzindawu unkavala chiyani.

Chumacho chinkachokera ku malonda, omwe mfumu inkawagwira yokha mwamphamvu. Mpunga, zikopa za agwape, mitengo yopangira utoto wofiira, minyanga ndi chitsulo cha tini zinkatuluka, pomwe nsalu za ku India, mbale za ku China ndi siliva wa ku Japan zinkalowa. Apwitikizi anafika mu 1511, atangolanda Malacca, doko la ku Malaysia wa lero, patangopita zaka zochepa anzawo atamanga malinga ku Sofala ndi pa chilumba cha Mozambique. Pambuyo pawo kunabwera Adatchi, Angelezi ndi Afalansa, kupeza Atchaina, Aperezi ndi Ajapani alipo kale kapena akufika nawo. Mitundu yambiri inkapatsidwa midzi yawo kunja kwa linga, m'mbali mwa mtsinje, ndi ufulu wopembedza mwa kwawo. N'chifukwa chake lero mumzindawu muli mizikiti yakale, komanso tchalitchi cha St Joseph chomwe chiyambi chake ndi cha m'ma 1660. M'nthawi ya Mfumu Narai, yomwe inalamulira kuyambira 1656 mpaka 1688, Mgiriki wina, Constantine Phaulkon, anakwera mpaka kukhala nduna yamphamvu, ndipo mu 1686 nthumwi za Siam zinalandiridwa ndi Louis XIV, mfumu ya France, kunyumba yake yachifumu ku Versailles. Ubwenzi ndi Afalansa unathera m'magazi mu 1688, pamene Phaulkon anaphedwa ndipo asilikali a France anathamangitsidwa.

Burma anali mdani wakalekale. Mu 1569 Mfumu Bayinnaung inagonjetsa Ayutthaya, koma sinawononge mzinda. Inangoika mfumu yoimvera. Naresuan ndiye anadzachotsa goli limenelo, ndipo anthu a ku Thailand amamukumbukira chifukwa chopha mwana wa mfumu ya Burma, Mingyi Swa, pa nkhondo ya pamsana pa njovu mu 1593. Chedi yaikulu ya pa Wat Yai Chai Mongkhon imanenedwa kuti ndi chikumbutso cha kupambana kumeneko.

Za 1767 zinali zina. Mfumu Hsinbyushin inatumiza magulu awiri a nkhondo, lina kudzera kumpoto, lina kuchokera kumwera chakumadzulo, ndipo anakumana pa linga kumayambiriro kwa 1766. A mumzinda anatseka zipata n'kumadikira mvula, monga makolo awo ankachitira. Madzi anabweradi, koma adaniwo sanachoke. Anasamukira pa zitunda ndi pa akachisi a malo okwera, n'kupanga mabwato. Madzi ataphwa, njala inali italowa m'linga. Kenako anakumba njira zapansi mpaka pa maziko a khoma, n'kuunjikamo nkhuni, n'kuyatsa. Khoma linatitimira, ndipo pa 7 April 1767 mzinda unagwa utazingidwa kwa miyezi pafupifupi 14. Mfumu Ekkathat inafa masiku omwewo. Anthu zikwizikwi, kuphatikizapo a banja lachifumu, amisiri ndi oimba, anatengedwa ukapolo kupita ku Burma, ndipo mabuku ambiri a mbiri ndi malamulo a ufumuwo anapsa.

Opambanawo sanakhalitse. Kwawo kunali kutabuka nkhondo ndi China, ndiye asilikali ambiri anaitanidwa. Chaka chisanathe, mkulu wa nkhondo wa Siam dzina lake Taksin anali atalanda malowo. Apa ndi pamene nkhani imakhota. Taksin sanamangenso Ayutthaya, anakakhazikitsa likulu ku Thonburi, kumunsi kwa mtsinje. Womutsatira, Rama I, anawolokera tsidya lina mu 1782 n'kuyamba Bangkok, ndipo poti ankafuna njerwa zambiri mwamsanga, anatuma anthu kukagumula malinga ndi makoma a Ayutthaya n'kutsitsa njerwazo pa mabwato. Linga limene adani analivutikira chaka chathunthu linaphwasulidwa ndi eni ake. Mbali ya Ayutthaya ili m'makoma a Bangkok wakale. Kumbuyoku, anthu amene ankadziwa kuti mabanja anakwirira chuma pothawa anayamba kukumba paliponse, kubowola chedi ndi kuswa zifanizo pofunafuna za m'kati. Tchire linamera, mizu n'kung'amba makoma. Prang yaikulu ya Wat Mahathat inapulumuka moto wa 1767, n'kudzagwa yokha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900.

Zifanizo zopanda mitu nazonso nkhani yake ndi yomweyo. Pa Wat Chaiwatthanaram, kachisi wa m'mbali mwa mtsinje amene Mfumu Prasat Thong inamanga mu 1630, pali khonde lozungulira prang ya mamita 35, ndipo m'khondemo munali zifanizo za Buddha 120 zokhala pansi. Lero ndi mzere wa miyendo yopindika ndi zifuwa, khosi lili zii. Zina zinasweka pa nkhondo, zina denga litazigwera. Koma zambiri za mumzindawu zinadulidwa dala m'zaka za m'ma 1900, pamene osonkhanitsa zinthu zakale ku Ulaya, ku America ndi ku Bangkok komwe anayamba kulipira bwino. Thupi lamwala n'lolemera, mutu umalowa m'thumba. Kunena kuti zonse ndi za adani a 1767 n'kosavuta, ndipo kumakomera mbiri imene ana amaphunzira kusukulu, koma kumasiya ogula aja osatchulidwa.

Palinso china choyenera kuchidziwa poyang'ana makoma. M'ma 1950 boma linalimbikitsa ntchito yolambula tchire ndi kukonza, ndipo mu 1991 bungwe la UNESCO linaika mzindawu pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Pokonzapo, mbali zina zinamangidwanso ndi njerwa zatsopano, nthawi zina mopitirira muyeso. Diso likazolowera limaona pamene njerwa zakale zodyeka zathera n'kuyamba zosalala. Holo ya Wihan Phra Mongkhon Bophit, momwe muli chifanizo chachikulu chachitsulo, ndi ya m'ma 1950, ndipo wina mwa amene anaperekapo ndalama anali U Nu, nduna yaikulu ya Burma pa nthawiyo. Wofuna kuona mmene kachisi wa nthawi ya mafumu ankaonekera ali ndi denga lake apite ku Wat Na Phra Men, kutsidya kwa ngalande kumpoto kwa bwalo la mfumu. Ameneyu sanawotchedwe, ndipo chifukwa chimene chimanenedwa n'chakuti adani ankamugwiritsa ntchito ngati msasa. M'kati muli Buddha wovala chisoti ndi zovala zachifumu, pansi pa denga la matabwa lofiira ndi lagolide.

Madzi amene ankateteza mzinda tsopano ndiwo akuuopseza. Ngalande zambiri zakale zinakwiriridwa n'kusanduka misewu, koma madzi saiwala khwawa. Mu 2011 chigumula chachikulu chinamiza chilumbachi kwa milungu ingapo, ndipo Wat Chaiwatthanaram anaima m'madzi. Njerwa yakale ikamwa madzi imatulutsa mchere n'kuyamba kufumbutuka. Masiku ano mtsinje ukayamba kukwera, amaimika zotchinga m'mbali mwa kachisiyu.

Mawu akuti bwinja asatipusitse kuti malowa ndi osiyidwa. Kwa Abuda chifanizo chosweka sichisiya kukhala chopatulika. Pa Wat Lokayasutharam pali Buddha wogona chammbali pabwalo, wotalika mamita oposa 35, mutu utatsamira pa duwa, ndipo anthu amabwera ndi maluwa, lubani ndi timapepala tagolide topyapyala tomata pa chifanizo. Ku Wat Phanan Choeng, komwe chifanizo chake cha mamita 19 chinaumbidwa mu 1324, mzinda usanakhale likulu, anthu amagula nsalu zachikasu, ogwira ntchito n'kuziponya m'mwamba kuti zivekedwe paphewa la Buddha, kenako nsonga yake imatambasulidwa pamitu ya ogwada. M'menemo mumakhala phokoso, utsi ndi chikhamu, osati bata la m'nyumba ya zinthu zakale. Malamulo a ulemu amachokera pamenepa. Mapewa ndi mawondo aziphimbidwa, nsapato zimavulidwa polowa m'holo, ndipo pokhala pansi mapazi asaloze kwa Buddha, poti phazi ndi chiwalo chonyozeka pa chikhalidwe chawo. Mayi sakhudza mmonke kapena kumupatsira chinthu m'manja. Kukwera pa zifanizo n'koletsedwa, chimodzimodzi kuima kuseri kwa chopanda mutu kuti mutu wako uoneke ngati wake pa chithunzi.

Kuchokera ku Bangkok sitima ya pamtunda imatenga pakati pa ola limodzi ndi theka ndi maola awiri. Potsika pa siteshoni pali kabwato kowolotsa anthu pa Pa Sak kulowa pa chilumba, ndipo tsidyalo njinga zobwereka zili mbwee. Malowo ndi athyathyathya, kupalasa sikuvuta, chovuta ndi dzuwa. M'miyezi ya March mpaka May njerwa zimatentha ngati chiwaya ndipo mthunzi ndi wosowa, pomwe November mpaka February kumakhalako bwino. Ambiri amabwera m'mawa n'kubwerera madzulo atathamanga akachisi 6 kapena 7. Ine ndingati atatu okha ndi nyumba ya golide ija, kenako kugona konko, n'kwabwino kuposa pamenepo. Chakumadzulo dzuwa likamalowa kuseri kwa Wat Chaiwatthanaram, achinyamata ovala zovala za nthawi ya mafumu, zobwereka m'timashopu ta tsidya la msewu, amadzaza bwalo kujambulana. M'mbali mwa msewu wa U Thong, womwe umazungulira chilumba motsata pomwe panali linga, ogulitsa amakhala akupinda roti sai mai, shuga wokokedwa mpaka kukhala ngati ulusi, wokulungidwa m'kachapati kopyapyala, chakudya chimene chinayamba ndi mabanja achisilamu a mumzindawu.